ZA UMOYO WATHU: Nsima Ipita Kuti M'thupi?

Thupi la munthu lifanana ndi moto wa pamafuwa umene suzima usana ndi usiku. Ngakhale munthu ali m'tulo, mtima ugunda, mapapo apuma, ndipo thupi likhala lofunda. Nchito zobisika zimenezi zitenga mphamvu yoposa theka la mphamvu yonse imene munthu agwiritsa nchito pa tsiku. Bongo wokha utenga gawo limodzi mwa magawo 5.

Nsima ikafika m'matumbo isanduka shuga, amene alowa m'mwazi napsa pamodzi ndi mpweya umene munthu apuma. Shuga wotsala asungidwa m'ciwindi ndi m'minofu, wina nasanduka mafuta. Koma nkhokwe ya m'ciwindi ndi yaing'ono. Munthu akapanda kudya, itha pa tsiku limodzi cabe.

Apa ndi pamene pagona vuto la miyezi ya January ndi February, pamene kupalira kukula koma cimanga cicepa. Mlimi wolima ndi njala atentha mafuta a m'thupi mwake, ndipo njalayo ikapitirira, thupi liyamba kudya minofu yake yomwe. Ndico cifukwa cake khasu lilemera m'manja. Mwana ndiye aonda msanga, pakuti ali kukula ndipo kamimba kake sikalandira zambiri nthawi imodzi.

Mafuta apatsa mphamvu yoposa kawiri ya ufa wolemera cimodzimodzi. Cotero banja logulitsa nshawa zonse pokolola lidzimana lokha. Thumba limodzi litsale pakhomo, nsinjiro zake zithiridwe m'ndiwo ndi m'phala la mwana, ndipo mwanayo adye kasanu pa tsiku.