Ng'oma asanduka Ngâ€™oma

Amene mumataipitsa makalata ofunsira ntchito kapena mapologalamu a maliro m'timashopu ta makompyuta ku Ndirande, Bangwe kapena Zingwangwa mwina munazionapo izi: dzina la Ng'oma kutuluka papepala litasanduka Ngâ€™oma, Malaŵi n'kukhala MalaÅµi. Ambiri timakalipira wotaipayo. Ine ndikuti mulekeni mwana wa eni, sanalakwe.

Kompyuta sidziwa zilembo, imadziwa manambala. Ndondomeko yakale ya ASCII, imene inakhazikitsidwa ku America mu 1963, inali ndi malo 128 okha, ndipo ŵ munalibe. Chilembochi chinapeza malo mu Unicode, yomwe inatuluka mu 1991.

Vuto limabuka pologalamu ina ikamapatsira inzake mawu. Yoyamba imasunga ŵ m'njira ya UTF-8, ngati manambala awiri. Yolandirayo ikakhala kuti inatcheredwa pa Windows-1252, imawerenga nambala iliyonse payokhapayokha, basi Å ndi µ zatulukira. Nkhodolero yopindika imene Word imaika yokha ndi manambala atatu, n'chifukwa chake imabala zinyalala zitatu.

Palinso china. Kwa mapologalamu ambiri, nkhodolero yowongoka ndi chizindikiro chotsegula kapena kutseka mawu a lamulo, choncho dzina likakhala nayo lamulolo limaduka pakati. M'malo mokonza, okonza mapologalamu ena amangoiletsa. Ulesi umenewu ndiye umandinyansa. Ng'oma timaimba pagule, ngoma ndi nyama ya m'tchire! Mnansi wanga wina ku Machinjiri anabwezedwa kawiri pa ofesi ina chifukwa dzina la pachiphaso ndi la m'kompyuta linasiyana pa kachizindikiro komweka. Ndalama ya minibasi palibe anamubwezera.

Nazonso SMS zimatidyera mayunitsi mwakachetechete. Uthenga umodzi umanyamula zilembo 160, koma mukaikamo ŵ kapena nkhodolero yopindika, pa mafoni ambiri malire amatsika kufika pa 70. Uthenga wa maliro wa zilembo 150 wopita kumudzi mumaulipira ngati mauthenga atatu. Nkhodolero yowongoka ilibe mlandu umenewu.

Mukapita kokataipitsa, muuzeni wotaipayo asunge kalata yanu ngati PDF pa kompyuta yomweyo asanaitumize kwina kokasindikiza, ndipo muwerenge dzina lanu chilembo ndi chilembo musanatulutse ndalama.