Kodi Banja la kwa Kawinga Lingakapume ku Likoma?



Tikati tiwerenge maulendo amene mabanja a kuno kwathu amayenda onse pamodzi, bambo, mayi ndi ana, tipeza kuti ambiri ndi a maliro, ena ndi okazonda wodwala ku chipatala cha boma ku Liwonde, ndipo otsalawo ndi a ukwati wa mbale, kumene amayi amafikira pa mafuwa n'kubwerako osaona n'komwe mmene mudzi wa eniwo unakhalira. Uthenga wa zovuta ukafika, ndalama ya ulendo imapezeka tsiku lomwelo, mbuzi imagulitsidwa popanda wotsutsa. Koma wina angotchula zakuti banja lipite kukaona nyanja, onse aseka nati zimenezo n'za azungu. Ife tikuti maganizo amenewa atimana zambiri. Banja lolima mpunga m'madambo a Chilwa kapena logulitsa pa msika wa Ntaja likhoza, litakonzekera chaka chathunthu, kukapuma pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu.

Zilumba ziwirizi zili pa nyanja ya Malawi, ndipo pamodzi zimapanga boma la Likoma, laling'ono kuposa maboma onse m'dziko muno. Kalembera wa 2018 anapezako anthu oposa pang'ono 14,000. Madzi amene azizungulira ndi a Mozambique, kotero kuti munthu ataima pa gombe la kum'mawa kwa Likoma amaona bwinobwino mapiri a ku Cobue kutsidya, koma zilumbazo ndi zathu ndipo Mmalawi safuna pasipoti kuti akafikeko. Zinagwera mbali ino chifukwa amishoni a Anglican a UMCA anali atakhazikikapo kale kuyambira 1885, Angerezi ndi Apwitikizi asanagawane malire mu 1891. Mwana wa Sitandade 6 amene wakhala akuloweza zimenezi pa bolodi, tsiku limene adzaime pansi pa mlambe wa pa Likoma n'kuloza dziko lina ndi chala chake sadzafunanso kuzilowezanso.

Pomwepo pali tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera cha abale athu a Anglican. Mwala wake wa maziko unaikidwa mu 1903 ndipo chinapatulidwa mu 1911, pa malo otchedwa Chipyela, pamene kale ankatenthera anthu oganiziridwa ufiti. Ife amene timadziwa kuvuta kwa kuumba njerwa za kanyumba kopempherera ka pa mphakati, tiyenera kukaona ndi maso zimene anthu anamanga pa chilumba chopanda msewu wochokera kumtunda, zaka zoposa 100 zapitazo.

Tikumva kale funso la akuluakulu: nanga ndalama? Funsoli n'loyenera ndipo sitilizemba. Chaka chimene nkhokwe yatha mu Novembala si chaka cha ulendo wotere. Fizi ya mwana ndi feteleza zimayamba. Ndipo banja limene lingatenge katapila kuti likajambulitse zithunzi pa mchenga lidzabwerako ndi mkangano umene udzatenga nthawi yaitali kuposa tchuthicho. Komatu pakati pa kukongola ndi kungokhala pali njira ina, imene amayi a banki m'khonde akuidziwa kale: pang'onopang'ono ndi mtolo. Ife achinyamata tidzifunse moona kuti pa mwezi timataya zingati pa mabando a foni ndi pa kubetcha mpira wa ku England. Tiwonjezere apa kuti kusunga ndalama za mapepala kwa chaka chonse kuli ndi ngozi yake. Amene anali nazo pansi pa mphasa mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, akukumbukira. Mbuzi ziwiri kapena matumba a mpunga oikidwa padera ndi dzina lakuti "a ulendo" amasunga mtengo wake bwino koposa.

Pa Likoma pali malo ogona a alendo olipira madola, ndipo otchuka mwa iwo dzina lake ndi Kaya Mawa, mawu amene ifenso timayankha nawo mwana akafunsa tsiku lokaona nyanja. Kumeneko si kumene tikutumiza banja la kwa Kawinga. Ziliko nyumba zogona alendo za anthu wamba, ndipo banja lonyamula ufa wake, mpunga ndi kapoto likhoza kugula nsomba kwa asodzi m'mawa n'kudziphikira. Zinthu za m'sitolo pa chilumba zimakwera mtengo popeza pafupifupi zonse zimabwera pamadzi, choncho sopo, shuga ndi mafuta ophikira n'zogulira kuno.

Tsopano njira. Kuchoka pa Ntaja munthu akhoza kudzera ku Nselema ndi Namwera n'kutsikira ku Mangochi, kapena kuzungulira ku Liwonde, kenaka n'kukafika ku Monkey Bay kumene kuli doko la sitima ya Ilala. Sitimayi inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswa n'kulumikizidwa konkuno, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja mu 1951. Ndi yaikulu msinkhu kuposa agogo ambiri a m'parishi muno. Kawirikawiri imapita kumpoto kamodzi pa sabata n'kubwerera, ndipo kuchokera ku Monkey Bay kukafika ku Likoma pamafunika kugona m'sitima. Njira ina ndi kukwera basi mpaka ku Nkhata Bay n'kuoloka kuchokera kumeneko, ulendo wa pamadzi wa maola ochepa chabe, umene umadzera pa Chizumulu. Mfundo yaikulu ndi iyi: tsiku lonyamuka ndi lobwerera salamula ndi bambo, imalamula ndi sitima. Imachedwa, ndipo nthawi zina imachotsedwa pamadzi kuti ikonzedwe. Wina wa m'banja afunse ku doko sabata yomweyo ya ulendo, ndipo m'thumba mukhale ndalama ya masiku awiri oonjezera, imene sidzakhudzidwa ngakhale ana alirire zotani.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Ndalama kuno zimaoneka tikakolola, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, koma imeneyo ndiyo nthawi imene mphepo ya mwera imaomba kwambiri kuchokera kum'mwera, nyanja n'kuwinduka ndi mafunde amene munthu wozolowera madzi osaya a Chilwa ndi Chiuta sanawaonepo. Agogo ndi ana aang'ono amavutika nawo mseru. Kumapeto kwa Ogasiti mwera umakhala ukuchepa mphamvu, sukulu zisanatsegulidwe, ntchito ya kumunda isanayambe kuthina. Ife tikuona kuti sabata zimenezo ndizo zoyenera.

Chimene tikufuna kuchiumirira koposa n'chakuti kukonzekerako kukhale kwa banja lonse. Kwathu kuno ulendo amaulengeza bambo usiku, m'mawa onse n'kumathamanga. Uwu usatero. Khalani pansi miyezi isanakwane, mugwirizane za amene adzatsale ndi ziweto, amene adzasunge ndalama, ndi amene adzaphike pa chilumba, pakuti ngati amayi adzangosintha malo a mafuwa, kuchoka ku Ntaja kupita ku Likoma, ndiye kuti iwo sanapite ku tchuthi. Anyamata amene amanyadira kuphika ku sukulu yogonera komweko akaonetse luso lawo kumeneko. Inu achinyamata muli ndi mafoni ndipo mumatha kuwerengera. Lembani mtengo wa minibasi, wa sitima ndi wa pogona m'kope, muwaonetse makolo. Makolo ambiri amakana chifukwa sanaonepo chiwerengero chenicheni, amangoopa chinthu chopanda malire.

Za chitetezo tinene mwachidule. Boti lodzaza mopyola muyeso musakwere, ngakhale mwini wake alumbire, ndipo funsani majekete oyandamitsa musanalipire. Nyamulani neti ya udzudzu. Ana asasambe okha, ndiponso apewe madzi odikha a m'mabango momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Pa Likoma mukakhala pakati pa midzi ya anthu, choncho kavalidwe ndi kalankhulidwe kakhale kamene mungafune kuti mlendo aonetse pa bwalo la kwanu. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Kwa amene Likoma yatalika chaka chino, zilumba zina zili pafupi. Ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe, maboti amatengera anthu ku Thumbi ndi ku Domwe, mkati mwa paki ya nyanja ya Malawi imene inakhazikitsidwa mu 1980, kumene ana akaone tinsomba ta mbuna ta maonekedwe osiyanasiyana tikusambira pakati pa miyala. Ulendo umenewu utheka m'masiku awiri kapena atatu. Ndipo pa Chilwa pathu pomwepa pali chilumba cha Chisi, chimene anthu amaolokerako kuchokera pa doko la Kachulu ku Zomba. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 inatsala pang'ono kutheratu, choncho yambani mwafunsa asodzi ngati madzi alipo okwanira kuti bwato lifike.