Gombe Lili ndi Eni Ake

Munthu amene anagonapo ngakhale usiku umodzi ku Chintheche, m'boma la Nkhata Bay, savutika kumvetsa chifukwa chimene alendo amatayira ndalama zawo kuti akapumule kumeneko pa nthawi ya tchuthi. Mchenga wake ndi woyera mbee, madzi ake ndi oyera moti miyala ya pansi imachita kuonekera, ndipo m'mawa dzuwa limatuluka kutsidya kwa nyanja lili psuu. Usiku nyali za asodzi a usipa zimandandalika pamadzi ngati mudzi wina woyandama. Chapafupi pomwepo mtsinje wa Luweya, umene umachokera kumapiri a Viphya, umathira madzi ake m'nyanja pakati pa bango ndi mitengo. Kukongola kumeneku palibe angakukane.

Koma mlendo akati ayende wapansi kutsata gombe, sapita patali asanakumane ndi mpanda. Mipanda ina ndi ya bango, ina ya njerwa, ina ya waya, ndipo ilipo ina imene imatsetsereka mpaka kukalowa m'madzi. Pambali pake pamakhala chikwangwani choletsa kudutsa, apo ayi pamaima mlonda. Mlendo kawirikawiri amaloledwa kupitirira pakuti khungu lake kapena zovala zake zimamuchitira umboni. Amene amabwezedwa ndi mayi wosenza ndowa ndi msodzi wonyamula nkhafi, anthu amene michombo yawo inagwera m'mudzi momwemo. Mchitidwe umenewu si wa ku Chintheche kokha ayi. Ukupezekanso m'magombe a ku Salima ndi ku Mangochi. Dzina lake loona ndi kulanda, ngakhale eni mipandayo atalikongoletsa ndi mawu oti chitukuko. Tchuthi chimene chimakoma pokhapokha mwini mudzi atapirikitsidwa kumadzi ndi tchuthi chochititsa manyazi.

Poyamba n'kofunika kumvetsa ntchito ya gombe kwa munthu wa kunyanja. Kwa mlendo gombe ndi malo oothera dzuwa ndi kuwerengerapo buku. Kwa Mtonga wa ku Chintheche gombe ndi munda, ndi msika, ndi chitsime, ndi bwalo. Pamenepo ndi pamene asodzi amakocheza mabwato m'bandakucha, kuyanika maukonde ndi kusoka pamene pang'ambika. Pamenepo ndi pamene pamaima matandala oyanikapo usipa, ndipo ogula ochokera ku Mzuzu ndi kwina amadikirira pomwepo. Amayi amatunga madzi, kuchapa ndi kutsuka mbale, pamene ana amaphunzira kusambira ndi kupalasa. Nsima ya kondowole imene banja limadya madzulo ndiwo yake yachokera pagombe lomwelo.

Tsono mpanda ukadula gombe, umadula zonsezi pakamodzi. Mayi amene ankatsika pang'ono chabe kukafika pamadzi tsopano ayenera kuzungulira mtunda wautali ali ndi ndowa pamutu ndi mwana kumsana. Asodzi amaunjikana pamadooko ochepa otsala, ndipo pamenepo mikangano siichedwa kubuka. Mwera ukakuntha, makamaka m'miyezi yozizira ya pakati pa chaka, msodzi amafuna kukocheza pamalo alionse otetezeka amene ali pafupi, osati kuyamba wafunsa kuti mchengawo ndi wa yani. Ena akasowa polowera m'nyanja amatembenukira kumtsinje, kumene kuli bango lowirira lobisala ng'ona. Mwini mpanda saziona zimenezi pakuti mpandawo anaumangira cholinga chomwecho, choti iye ndi alendo ake asamaone.

Chachiwiri, amalonda otsatsa malo a tchuthi amakonda kujambula gombe lopanda munthu, ngati kuti dera limeneli lakhala likudikira mlendo woti adzalitulukire. Limeneli ndi bodza lonyoza. Chakummwera pang'ono kwa Chintheche kuli Bandawe, kumene Dotolo Robert Laws anasamutsirako mishoni ya Livingstonia m'chaka cha 1881 atathawa malungo a ku Cape Maclear, isanakakhazikike ku Khondowe mu 1894. Atonga anaukonda msanga mwayi wa sukulu, ndipo ambiri mwa iwo anakagwira ntchito za ukalaliki ndi ukapitawo kumaiko a kummwera kwa Africa. Pamudzi wa Chifira, pafupi ndi Bandawe, ndi pamene panabadwira Clements Kadalie mu 1896. Iyeyu ndiye anayambitsa bungwe la Industrial and Commercial Workers' Union mumzinda wa Cape Town mu 1919, bungwe limene linasonkhanitsa antchito akuda ambirimbiri a ku South Africa kuti amenyere ufulu wawo. Kodi si chipongwe kuti dera limene linabala munthu wokana tsankho m'dziko la eni likhale ndi zikwangwani zoletsa zidzukulu za m'badwo wake kuponda mchenga wa kwawo?

Oikira kumbuyo mipanda ali ndi mfundo zawo, ndipo ziyenera kumvedwa. Mfundo yawo yaikulu ndi yoti alendo amabweretsa ndalama ndi ntchito. Izi n'zoona. Alipo ophika, alonda, okonza m'zipinda ndi oyendetsa maboti amene amalipirira ana sukulu ndi malipiro a kumalo ogona alendo. Osema ziboliboli amagulitsa, alimi a masamba ndi zipatso amapeza msika, ndipo eni malo ena athandizapo kumanga sukulu ndi kukumba mijigo. Dziko limafunanso ndalama zakunja. Palibe munthu wanzeru amene anganene kuti alendo aleke kubwera.

Komabe phindu limeneli liyenera kuikidwa pasikelo. Malo amodzi ogona alendo amalemba ntchito anthu owerengeka, pamene gombe limene malowo atseka limadyetsa mudzi wonse. Ntchito za kumalo otere zimatsata nyengo ndipo zimatha mosachenjeza. M'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utaimitsa maulendo a ndege, alendo anasiya kubwera ndipo antchito ambiri anabwerera kunyumba manja ali m'khosi. Mu 2024 nyanja inadzaza kwambiri n'kulowa m'malo ambiri ogona alendo a m'mphepete mwake. M'zaka ziwiri zonsezi usipa sunaleke kuphedwa, ndipo mabanja amene anali ndi polowera m'nyanja sanagone ndi njala chifukwa chosowa mlendo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Kusinthanitsa gombe, limene ndi chuma cha mibadwo, ndi ntchito yokamuka ngati mame ndi malonda a munthu wosawerengera za mawa.

Mfundo yawo yachiwiri ndi ya ukhondo ndi chitetezo. Iwo amati anthu a m'mudzi amadetsa gombe, ndipo ena amavutitsa alendo ndi kupemphetsa kapena kuba kumene. Pamenepanso pali choonadi. Alipo anthu amene amadzithandizira pamchenga kapena m'madzi, ndipo khalidwe limeneli limafalitsa likodzo ndi kolera. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023 sunalambalale boma la Nkhata Bay. Koma kodi tizilombo ta matenda timawerenga zikwangwani? Madzi a kuseri kwa mpanda ndi omwewo a kutsogolo kwake, ndipo funde limodzi limawasakaniza. Mankhwala a uve ndi zimbudzi pamadooko, mijigo m'midzi ndi malamulo a mafumu amene aliyense amawatsata. Mankhwala a umbava ndi kugwira mbavayo. Kuweruza mudzi wonse chifukwa cha anyamata awiri osokoneza ndi kutentha nkhokwe pofuna kupha khoswe mmodzi.

Mtsinje ndiwo umaonetsa poyera kuti dera la kunyanja silingagawidwe zidutswazidutswa. Nsomba za mpasa ndi sanjika zimakhala m'nyanja, koma nthawi yoswana ikakwana zimakwera mitsinje monga Luweya ndi Bua kukaikira mazira pamiyala ing'onoing'ono ya m'madzi oyenda. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ikadulidwa, dothi limakokoloka n'kukwirira miyalayo, ndipo mazira amafa. Bango la m'mphepete mwa madzi limasefa matope, limagwira nthaka kuti mafunde asaigumule, ndiponso ndi mobisalamo tiana ta nsomba. Womanga nyumba ya tchuthi akalambula bango kuti pakhale mchenga wosalala, amaononga chinthu chimene phindu lake limafika kwa msodzi wa kutali amene sanamuonepo.

Pamenepa chala sichiyenera kuloza mlendo yekha. Eni mudzi nawo ali ndi mlandu. Alipo amene amalima mpaka m'khonde mwenimweni mwa mtsinje, amene amautchinga ndi miono kuti nsomba ngakhale imodzi isakwere, amene amathira katupe m'madzi, ndi amene amakokera nsomba ndi masikito operekedwa kuti ateteze ana ku malungo. Ndiponso mpanda sumera wokha ngati bowa. Pali wina amene anagulitsa malowo. Mafumu ena ndi akuluakulu ena a mabanja analandira ndalama mseri, nazidya m'miyezi yowerengeka, pamene wogulayo anapita kuboma kukatenga chikalata cha zaka 99. Si azungu okha amene amagula. Nyumba zambiri zotchingidwa ndi mipanda ndi za Amalawi olemera a m'mizinda, amene amagonamo masiku ochepa pa Khirisimasi ndi pa Isitala. Miyezi ina yonse zitseko zimakhala zokhoma, mlonda ali pachipata kulondera mchenga wopanda woupondapo, pamene msodzi akusowa poyanika ukonde. Kulandidwa ndi mbale wako sikuchepetsa ululu wake.

Nayenso wobwera kutchuthi sangasambe m'manja n'kunena kuti anangolipira chipinda. Ndalama zake ndizo zimauza mwini malo chimene alendo amafuna. Ngati alendo akondwera ndi gombe lopanda anthu akumudzi, mipanda idzachuluka. Ngati afunsa kuti asodzi amadutsira pati, nsomba ya pambale yagulidwa kwa yani, ndipo madzi oipa a m'zimbudzi za pamalopo amapita kuti, mwini malo adzayamba kusamala. Mlendo waulemu sajambula amayi akusamba ngati akujambula mbalame. Saponyera ana ndalama ndi maswiti, pakuti kutero ndi kuwaphunzitsa kuti kudikira galimoto ya alendo kumalipira kuposa kukhala m'kalasi. Akafuna kuona malipenga kapena chilimika, amapita kubwalo monga woitanidwa, nakhala pamene eni ake amuonetsa. Kwa eni kulibe mkuwe.

Nanga chofunika kuchitika n'chiyani? Choyamba, mpanda uliwonse uzilekezera patali ndi madzi, kuti munthu athe kuyenda m'mbali mwa nyanja popanda womuimitsa. Chachiwiri, pakati pa malo ogulitsidwa pazisiyidwa njira zotsikira kumadzi, zotakata mokwanira kudutsa anthu onyamula bwato. Chachitatu, madooko, malo otungira madzi, manda ndi magombe a mitsinje zilembedwe kuti ndi za mudzi wonse, zosagulitsika ndi munthu mmodzi, ngakhale atakhala mfumu. Lamulo la malo a makolo la chaka cha 2016 linakhazikitsa makomiti oona za malo m'dera la gulupu aliyense, ndipo amayi ali ndi mipando m'makomitiwo. Amayi ndiwo amadziwa kutalika kwa njira ya kumadzi, choncho mawu awo azimveka malo asanaperekedwe kwa wina aliyense. Chachinayi, khonsolo ya boma isamavomereze mapulani a nyumba kapena kupereka chiphaso cha malonda kwa munthu amene watseka njira ya anthu. Ndipo mudzi umene ukufuna kuti gombe lake lilemekezedwe uyambe wokha kulisamala, kukumba zimbudzi ndi kuleka kupha nsomba zimene zikupita kukaswa.

Zimenezi sizingathamangitse alendo. Alendo ambiri amene amawoloka nyanja zamchere kudza kuno amakhala atasiya magombe ena okongola kufupi ndi kwawo. Chimene amakachisimba akabwerera ndi mabwato otuluka madzulo, nyali za usiku, moni wa anthu panjira ndi batala wowotcha wogulidwa m'manja mwa amene wamupha. Wochotsa mudzi pagombe amachotsa chinthu chomwecho chimene mlendo anadzera.

Ophunzira a lero ndiwo adzakhale mafumu, oyeza malo, maloya, makhansala ndi eni mahotela. Ena mwa iwo adzalemera, nadzafuna kachigawo kawo ka mchenga kopumulirako ndi mabanja awo. Kufuna kotero si tchimo. Koma tsiku limene adzaitane mmisiri woti amange mpanda, adzayambe aima pagombepo m'bandakucha ndi kuwerenga mapazi amene adinda pamchenga. Mapazi amenewo ndi a anthu amene anayamba kutsikira pamenepo mlendo woyamba asanafike, ndipo adzafunabe madzi mlendo wotsiriza atapakira katundu wake n'kumapita.