Sitima za pansi pa nthaka ku Cairo: tikiti ikakwera, amalira ndani?

Mumzinda wa Cairo ku Egypt, komwe kumakhala anthu oposa 20 miliyoni kuphatikizapo madera ozungulira, mtengo wa tikiti ya sitima ya pansi pa nthaka ndi nkhani ya ndale monga momwe ulili mtengo wa buledi. Kwa zaka zoposa khumi kufikira 2017, tikiti inkagulidwa paundi imodzi, ulendo ukhale wautali kapena waufupi. Pofika mu August 2024, mitengo idali kuyambira mapaundi 8 mpaka 20, kutengera kuchuluka kwa masiteshoni omwe munthu wadutsa.

Sitimazi zidayamba kuyenda mu 1987 ndipo zidali zoyamba za mtunduwu mu Africa. Njanji yoyamba imachokera ku Helwan, dera la mafakitale kummwera, kukafika ku El Marg kumpoto. Yachiwiri imadutsa pansi pa mtsinje wa Nile kupita ku Cairo University ndi ku Giza. Okwera ambiri ndi ogwira ntchito za malipiro ochepa, ophunzira komanso amalonda ang'onoang'ono omwe akuthawa kuthithikana kwa magalimoto m'misewu. Amayi ali ndi mabogi awoawo owateteza kwa amuna achipongwe.

Boma limati ndalama za matikiti sizikwanira kulipirira magetsi, kukonza njanji ndi kugula sitima zatsopano. Mfundoyi ili ndi maziko. Zipangizo zambiri zimagulidwa kunja, pomwe ndalama ya dzikolo idagwa mphamvu kwambiri mu November 2016 komanso mu March 2024, potsatira mgwirizano wa ngongole ndi bungwe la IMF. Njanji yachinayi, yomwe ikumangidwa molunjika ku Giza, ikudalira ngongole yochokera ku Japan.

Koma dongosolo lolipira potengera mtunda limapweteka kwambiri anthu osauka, chifukwa ambiri mwa iwo amakhala kunja kwa mzinda komwe nyumba n'zotsika mtengo. Wokhala kutali ndiye amalipira zambiri, kawiri pa tsiku. Mitengo itakwera mu May 2018, anthu adachita zionetsero m'masiteshoni, ena adalumpha zipata osalipira, ndipo apolisi adamanga angapo. Boma limadziwa kuti masiteshoni ndi malo osonkhaniranapo anthu: siteshoni ya Sadat, yomwe ili pansi pa Tahrir Square, idatsekedwa kuyambira 2013 mpaka 2015 pa zifukwa za chitetezo.

Funso lenileni ndi la kagawidwe ka chuma cha boma. Dzikolo lathira ndalama zankhaninkhani mu likulu latsopano lomwe lamangidwa m'chipululu kum'mawa kwa Cairo, pamodzi ndi njanji zopita kumeneko. Wogwira ntchito wa ku Helwan ali ndi chifukwa chofunsa chomwe tikiti yake ikuyenera kudzilipirira yokha pomwe zitukuko zinazo zikumangidwa ndi ndalama za mtundu wonse.

Tikiti ikapitirira kukwera kuposa malipiro, okwera ena adzabwerera ku maminibasi, ndipo misewu yomwe sitimazi zidabwera kudzapeputsa idzadzazanso. Pamenepo olira adzakhala onse, ngakhale eni magalimoto omwe sadatsikirepo m'siteshoni.