Mlandu wa ndewu anausenzetsa woimba gitala

Mumzinda wa Melbourne, ku Australia, munali gulu loimba lotchedwa Coloured Balls. Linayamba mu 1972, ndipo pofika kumapeto kwa 1974 linali litatha. Zaka zitatu sizinakwane n'komwe. Olemba mbiri ya nyimbo za rock za m'dzikomo amakonda kuidumpha nkhaniyi ndi chiganizo chimodzi, chakuti gululi linagwa chifukwa cha ndewu za olitsatira, kenako n'kuthamangira kukatamanda AC/DC. Ine ndikukana. Ndewu zinalipodi, koma amene anakumba manda a gululi ndi atolankhani, amene anaona kuti woimba gitala savuta kumuloza chala.

Mtsogoleri wa gululi anali Lobby Loyde, wobadwira ku Longreach, m'chigawo cha Queensland, mu 1941. Sanali mlendo pa ntchitoyi. Anali ataimbapo mu Purple Hearts ndi Wild Cherries, komanso ndi Billy Thorpe mu gulu la Aztecs, komwe anathandiza Thorpe kugwira gitala mwamphamvu ndi kukweza zokuzira mawu mpaka makoma kunjenjemera. Phokoso limene pambuyo pake linadzatchedwa pub rock, nyimbo zoimbidwa m'mabala modzaza anthu otopa ndi ntchito, linatulukira m'zala za mkuluyu. Mu Coloured Balls anali ndi Bobsy Millar pa gitala ina, John Miglans pa besi ndi Trevor Young pa ng'oma. Mu Januwale 1973, pa chikondwerero cha nyimbo cha Sunbury, anaimba nyimbo yotchedwa G.O.D. kwa mphindi pafupifupi 16 osapumira. Kumapeto kwa chaka chomwecho kampani ya EMI inatulutsa chimbale chawo, Ball Power, ndipo chaka chotsatira kunabwera Heavy Metal Kid. Zimbale ziwiri m'miyezi yosakwana khumi ndi iwiri: gulu lakufa ndi ulesi kapena losowa luso silichita zotere.

Tsono vuto linali ndani? Anali ma sharpie. Awa anali anyamata ndi atsikana a m'makomboni a anthu ogwira ntchito zamanja, ovala majuzi othina amizeremizere, ometa tsitsi lalifupi n'kusiyako timichira kunkhongo. Ankayenda m'magulu, dera lililonse ndi gulu lake, ndipo akakumana pa siteshoni ya sitima kapena pa dansi, zibakera sizinkachedwa. Anawakonda a Coloured Balls. Oimbawo nawo anameta tsitsi lalifupi, pa nthawi imene woimba rock aliyense ankalekerera tsitsi kufika m'mapewa. Kwa nyuzipepala, umenewo unali umboni wokwanira. Gulu loimba linasanduka gulu la zigawenga, ndipo ndewu iliyonse yochitika pafupi ndi pulatifomu inalembedwa ngati kuti Loyde ndiye waiimbira belu.

Apa ndi pomwe nkhaniyi imandinyansa. Ma sharpie analipo ku Melbourne kuyambira m'ma 1960, Coloured Balls isanalotedwe. Ankamenyana gululi lisanabadwe, ndipo anapitiriza kumenyana litatha. Gulu la zaka ziwiri ndi miyezi lingayambitse bwanji khalidwe limene linalipeza likuyenda kale? Kuonjezera apo, chigawo cha Victoria chinachotsa mu 1966 lamulo lotseka mabala 6 koloko madzulo, n'kulola kuti mowa uzigulitsidwa mpaka 10 koloko usiku. Eni mabala anazindikira kuti oimba amakoka ludzu la anthu. Anaunjika achinyamata m'zipinda zotentha, namawathira mowa, n'kumawerenga ndalama kuseri. Botolo likauluka, dzina lolowa m'nyuzipepala linali la woimba. Zili ngati kumanga woimba ng'oma chifukwa anthu atemana pa mowa wamasese, mwini mowa ali phee akutsuka zipanda.

Wina anena kuti oimbawo anadziputira okha, poti anasankha kumeta ngati ma sharpie ndipo anadya ndalama zawo zapakhomo. Pali choonadi pang'ono pamenepo, ndipo sindikunena kuti ovulala pa madansiwo ankanamizira. Koma ngati kukhala ndi ma sharpie pakati pa okutsatira unali mlandu, bwanji AC/DC sinaimbidwe mlandu womwewo mpaka kutha? Achinyamata omwewo ankadzaza malo amene AC/DC inkaimba itasamukira ku Melbourne mu 1975. Phil Rudd, woimba ng'oma wa AC/DC, anachokera mu Buster Brown, gulu lina lokondedwa ndi ma sharpie, limene chimbale chake cha 1974 anachijambulitsa ndi Loyde yemweyo. Angry Anderson wa Rose Tattoo naye anachokera komweko. Banja linali limodzi. Enawo anangofika nyuzipepala zitapeza kale munthu womusenzetsa mlandu, komanso pulogalamu ya pa wailesi ya kanema ya Countdown, imene inayamba mu Novembala 1974, itatsegula njira yoonekera m'nyumba za anthu popanda kudutsa pa cholembera cha mtolankhani. Coloured Balls inkatha pamene chitseko chimenecho chinkatseguka.

Loyde anatopa, nathetsa gululo. Mu 1976 anapita ku Britain, nabwerako mu 1979, n'kuimbako besi mu Rose Tattoo. Kenako anakhala wojambulitsa nyimbo za ena, monga Sunnyboys ndi X. Munthu amene ankati amaononga achinyamata anathera zaka zambiri akuphunzitsa achinyamata kujambula nyimbo, koma zimenezo sizigulitsa nyuzipepala.

Ulemu unadzabwera, inde. Mu Ogasiti 2006 bungwe la makampani a nyimbo la ARIA linamulowetsa m'kaundula wake wa akatswiri, ndipo zimbale za Coloured Balls zinatulutsidwanso. Apo n'kuti madokotala atamupeza kale ndi khansa ya m'mapapo. Anamwalira pa 21 Epulo 2007 ali ndi zaka 65, patangodutsa miyezi isanu ndi itatu. Ena amauwerenga mwambo umenewo ngati kupepesa. Ine sindiuwerenga choncho, chifukwa wopepesa amatchula chimene analakwa, ndipo chimene chinalakwiridwa mu 1974 chinali gulu lonse. M'kaundulamo munalowa dzina la Loyde lokha. Millar, Miglans ndi Young, amene anasenza naye dzina loipa lija usiku ndi usiku m'mabala a Melbourne, anatsala panja.