Mwana si ng'ombe ya pangolo

Anzanga, dzulo kubwalo ndaona bambo wina akukwapula mwana wake wa Sitandade 6, ati chifukwa waphonya penate. Mwana yemweyu analawirira kudimba 4 koloko kukathirira tomato, n'kupita kusukulu osalawa ngakhale phala. Ndiye mukufuna athamange ndi chiyani? Mphepo?

Chiyambireni Temwa Chawinga kumwetsa zigoli ku America, aliyense akuona ngati m'nyumba mwake muli madola. Inetu mpira sindidana nawo ayi. Wanga wamkazi amasewera, nsapato ndinamugulira pakaunjika nditagulitsa mtedza. Koma akati watopa, amakhala.

Bambo ajatu, ng'ombe yawo ikangotsimphina amaimasula pangolo msangamsanga. Mwana bondo latupa chiyambire sabata yatha, koma akuti Loweruka akasewerebe basi.