Kasemasema Sanyozetsa Munthu

Pali bodza limene lafala pakati pa anyamata otsiriza sukulu ku Luangwa, malo amene kufikira 1964 ankachedwa Feira. Akuti kusema ndi nchito ya anthu amene mabuku anawakanika. Mnyamata wotere amalolera kukhala pa khonde la sitolo tsiku lathunthu, kudikira kalata ya nchito yocokera ku Lusaka, koma kasemasema wa amalume ace kumkhudza iai. Umenewu ndi ulesi wobvala nsapato.

Dziko la Mfumu Mburuma ndi Mfumu Mphuka liri ndi mbiri ya nkhwangwa. Acikunda anachuka pa Zambezi monga osaka njobvu ndi opalasa mabwato, ndipo bwato silimera lokha m'nthaka. Dzanja limene limasema bwato, mtondo ndi mpando ndilo limasemanso mvuu. Mmisiri wa m'mbali mwa mtsinje saifuna mvuu m'buku. Waipitikitsa m'munda mwace usiku, wailambalala pa madzi mtima uli m'mwamba. Adziwa kucepa kwa makutu ace, kufupika kwa miyendo, ndi m'mene maso ndi mphuno zikhalira pamwamba pa mutu kuti ione ndi kupuma thupi liri m'madzi. Adziwanso kuti mlombwa umamvera mpeni, pamene mphingo umabunthitsa citsulo ndipo umafuna munthu wodekha. Kodi ndi mayeso ati amene akadamphunzitsa zimenezi?

Komabe amisiri ena ali ndi mlandu wao. Poona kuti alendo akonda nyamalikiti, asiya ng'ona ndi njobvu zimene akhala nazo pafupi, nayamba kusema nyama ya khosi lalitali imene ngakhale m'nkhalango ya Lower Zambezi mulibe. Cotulukapo ndi ziboliboli zofanana ngati njerwa za cikombole cimodzi, zimene wogula sangadziwe ngati zacokera ku Feira, ku Livingstone kapena ku Nairobi. Cinthu copezeka pali ponse mtengo wace ndi wa masewera.

Apa ndipo pafunika mwana wa sukulu uja. Mmisiri wa kumudzi amagulitsa kwa munthu woyamba kufika pa khomo pace, cifukwa sadziwa kuti mvuu yomweyo ikafika pa misika ya Lusaka, monga pa Kabwata, idzagulidwa ndalama zingati. Sawerengera masiku amene wasema, kapena ulendo wokafuna mtengo ku chire. Ndiponso kuyambira 2017 malonda a mphingo pakati pa maiko ali pansi pa pangano la CITES, ndipo wofuna kutumiza katundu wambiri kunja ayenera kudziwa za zilolezo. Kulemba makalata, kusunga buku la ndalama, kukambirana mtengo m'Cingerezi: zonsezi mnyamata wa pa khonde uja anaziphunzira, ndipo amalume ace ali pansi pa mtengo wa masau akusema okha.